Mawu Awiri Amene Ndinafufuta

1

Kuntchito amanditcha Bambo Mitu. Dzinali silikukhudza kukula kwa mutu wanga, ngakhale amene amandimeta angatsutse. Kwa zaka khumi ndi zinayi ndakhala wachiwiri kwa mkonzi wa magazini imene mwagwirayi, ndipo ntchito imene ndinkaidziwa kuposa aliyense inali yopatsa nkhani mitu.

Ofesi yathu ndi zipinda ziwiri pamwamba pa sitolo ya matayala. Fungo la labala limakwera nafe masitepe m'mawa, n'kutsika nafe madzulo. Desiki yanga ili pazenera, pafupi ndi katoni imene timaponyamo nkhani zimene inu owerenga mumatitumizira.

Olemba ambiri amatumiza nkhani zokoma zitavala mitu yosauka. Bambo wina analemba za mkaidi amene atatuluka m'ndende anapeza banja lake litazolowera kukhala popanda iye. Mutu wake anati "Kutuluka M'ndende". Ine ndinafufuta n'kulemba "Nsapato Zothina". M'nkhani monsemo nsapato zinatchulidwa kamodzi kokha, pamene mkazi anamutulutsira zimene anamusungira, phazi n'kukana kulowa. Koma aliyense wowerenga anamva kuti chimene chinkamuthina munthuyo si nsapato ayi, inali nyumba yake yomwe.

Olemba achinyamata akabwera kudzandifunsa nzeru ndinkawauza kuti, "Mutu usanene zimene zachitika, zimenezo nkhani inena yokha. Mutu uloze pamene munthuyo akulimbana yekha mumtima, pamene akufuna zinthu ziwiri zosakhalira limodzi."

Mkonzi wamkulu ndi mayi wa magalasi okhuthala, timawatcha Mayi Inki chifukwa cholembera chofiira sichichoka m'manja mwawo. Ankakonda kunena kuti, "Bambo Mitu akanakhala mzamba, ana onse a m'dziko muno akanakhala ndi mayina omveka."

Sindikudzitama. Ndikufuna mudziwiretu kuti zimene ndikuuzenizi sindinachite mwangozi. Mpeni umene ndinagwiritsa ntchito ndinkaudziwa kuthwa kwake.

2

Linali Lachiwiri m'mawa, mwezi wa mpikisano wathu wa nkhani zazifupi. Ndinatsegula envelopu yakhaki yopanda dzina la wotumiza. Munali masamba asanu otayipa bwino, ndipo pansi pake panangolembedwa kuti "Wowerenga wanu". Pamwamba panali mawu awiri: "Msoko Wam'kati".

Ndinagwedeza mutu movomereza ndisanawerenge n'komwe. Mutu umenewo sunkafunika dzanja langa.

Nkhaniyo inali ya mayi wina telala, wokhala pabanja zaka zambiri popanda mwana. Tsiku lina m'shopu mwake munalowa mzimayi atagwira kamtsikana padzanja, kudzasoketsa yunifolomu ya sukulu. Telala anagwada ndi tepi yake kuti ayeze mkono. Atafika kudzanja anaona kuti kachala kakang'ono ka mwanayo n'kopindikira m'kati ngati mbedza. Anayang'ana dzanja linalo, chimodzimodzi. Zala zoterozo ankazidziwa bwino, chifukwa ankadya nazo patebulo limodzi tsiku lililonse. Zinali za mwamuna wake.

Telala sanakuwe, sanafunse. Analemba miyezo m'buku, nati abwere Lachisanu. Ndiyeno anasoka yunifolomu imene sanasokerepo munthu aliyense. Misoko ya m'kati anaipinda kawiri, n'kuiphimba ndi kansalu kofewa kuti isakande khungu la mwana. Ankasoka akulira, akutukwana chamumtima, kwinaku akuyezanso kolala kuti isadzamuthine pakhosi. Chiganizo china ndimachikumbukabe mpaka lero: "Ankafuna kudana naye mwanayo, koma manja ake sanamvere."

Chakumapeto, telala anaimirira atagwira sizasi pamwamba pa diresi lomalizidwalo. Pansi pake panali ndime ina imodzi, yomaliza.

Tiyi wanga anazizira ndisanamukhudze. Ndinapita kubafa, ndinasamba kumaso, ndinabwerera, ndinawerenganso. Kenako ndinabisa manja anga pansi pa desiki.

3

Ndinkafuna kuiponya m'bini, koma Mayi Inki anali ataiona kale. Anaiwerenga ataimirira, magalasi ali pamphuno, osakhudza cholembera chawo ngakhale kamodzi.

"Iyi ndiye yapambana," anatero. "Zinazo tingowerenga mwaulemu."

"Ilibe dzina la wolemba, amayi. Malamulo a mpikisano..."

"Malamulowo tinalemba ndife. Tilengeza kuti mwiniwake abwere." Anagogoda pamutu pa nkhaniyo ndi chala. "Ndipo taonani apa. Munthuyu wakulandani ntchito, Bambo Mitu. Kunja chovala chosalala, m'kati ndi mmene muli ulusi wonse wolimbana. Ameneyu ndi mzimayiyo ndendende. Musakhudzepo."

"Sindikhudza," ndinatero.

Tsoka silinunkha. Sabata yotsatira Mayi Inki anaitanidwa ku msonkhano wa akonzi kwa masiku khumi, ndipo magazini ya mwezi umenewo anaisiya m'manja mwanga.

Tsiku lotumiza masamba kosindikiza ndinakhala pakompyuta nthawi yaitali. Ndinadziuza kuti mutuwo ndi wozama kwambiri, owerenga wamba saumva. Ndinadziuza kuti mitu yotere sigulitsa magazini. Bodza lililonse limene munthu angadzinamize ndinadzinamiza. Kenako ndinafufuta mawu awiri aja, n'kulemba atatu: "Nsanje ya Telala".

Ndime yomaliza ndinaidula yonse. Nkhani inathera pamene mzimayiyo wagwira sizasi pamwamba pa diresi la mwana.

Wojambula wathu, bambo wachikulire wosakonda mikangano, anabwera ndi chithunzi chimene anakonza: manja a mzimayi akupinda nsalu.

"Ichi chachita kufatsa," ndinamuuza. "Jambulani nkhope. Maso ofiira, sizasi m'mwamba."

Anandiyang'ana pamwamba pa pepalalo. "Koma bwana, ine nkhaniyi ndawerenga. Mayi ameneyu si wotero."

"Inu mumajambula, ine ndimakonza. Tisalowererane."

Anatenga chithunzi chake n'kupita. Chithunzi chinabwera monga ndinafunira, ndipo chinali choopsa ndithu.

4

Tsopano ndikuuzeni za kunyumba kwanga. Mkazi wanga ndi telala. Ali ndi kashopu pamsewu wopita kusiteji ya basi, pakati pa ometa tsitsi ndi mayi wina wochita fotokope. Takhala pabanja zaka khumi ndi zisanu. Mphatso ya mwana sitinapatsidwe. Tinayenda m'zipatala mpaka tinatopa, kenako tinangosiya kuikamba nkhaniyo, ikumakhala nafe pabalaza ngati mlendo amene palibe akumulankhula.

Sukulu anasiyira ku pulayimale bambo awo atamwalira. Ine ndi madigiri anga ndinkawatenga ngati munthu wa tepi ndi singano basi. Mwezi uliwonse ndinkabweretsa magazini kunyumba, ndipo patapita masiku ndinkaona masamba ake kushopu atadulidwa mapatani a makolala ndi matumba. Ndinkaseka n'kumauza anzanga kuti, "Kwathu nkhani zanga zimavalidwa, siziwerengedwa."

Mwezi umenewo sindinabweretse.

"Ya mwezi uno ili kuti, bambo?" anafunsa akundipatsa madzi osamba m'manja.

"Zatha zonse. Zayenda malonda kwambiri."

"Ndaona. Ndagula yanga pasiteji."

Ndinawayang'ana, koma nkhope yawo inali phee ngati madzi a m'ndowa. Anandigawira chakudya, anafunsa ngati mchere wakwana, anakamba za kasitomala amene amafuna diresi laukwati m'masiku atatu. Ndinapuma. Ndinati m'mtima, afuna mapepala a mapatani basi.

Ndiye makalata anu anayamba kufika. Sitinalandirepo ochuluka chotero. Wina analemba kuti, "Mzimayi ameneyu ndi mfiti, mwana walakwanji?" Wina anati, "Akazi osabereka mitima yawo imauma ngati chikopa." Bambo wina anachita kutiyamikira kuti tachenjeza amuna za akazi ansanje. Mwa makalata onsewo, palibe ngakhale imodzi imene inafunsa za mwamuna wa telalayo. Ndipo chimenecho ndicho ndinkafuna.

Mayi Inki atabwera anatseka chitseko cha ofesi yawo, chinthu chimene sachita. Magazini inali patebulo, atazunguliza mutu uja ndi inki yofiira mpaka pepala kubooka.

"Ndinati chiyani?"

"Malo anachepa, amayi. Ndipo mutu uja..."

"Musandipusitse, ndinayamba ntchitoyi inu mukuphunzira kulemba a, e, i. Munthu amene analemba 'Nsapato Zothina' sangalembe zonyansa izi mwangozi. Mwatenga mzimayi amene akulimbana ndi mtima wake, mwamusandutsa chilombo. Mwauza owerenga chochita asanawerenge mzere woyamba." Anavula magalasi. "Nkhaniyi yakulakwirani chiyani, Bambo Mitu?"

Ndinayang'ana pepala lobookalo.

"Wolembayo sanabwere kudzatenga mphoto yake. Ine ndikanakhala iye, sindikanabweranso. Mumupeze, mumupepese. Apo ayi, ine ndi inu tikambirana zina."

5

Wolembayo ndinkaganiza kuti ndikumudziwa. Tsiku lomwelo masana ndinakwera basi kupita kusukulu imene amaphunzitsa achemwali anga, amene ine ndinapondana nawo. Ndinawapeza m'chipinda cha aphunzitsi akuchonga makope, ndinawakokera panja kuseri kwa laibulale.

"Mwakhutira tsopano?" ndinatero, ndikuwaonetsa magazini. "Munalephera kundikakamiza pakamwa, ndiye mwati mundilalikire papepala?"

"Iwe, ukunena chiyani?"

"Nkhani iyi munalemba ndinu. Palibe wina akudziwa za zala."

Owerenga anga, apa ndiye pamene ndakhala ndikuzungulira ngati galu wofuna pogona. Ndili ndi mwana wamkazi wa zaka zisanu ndi ziwiri. Mayi ake ankagwira ntchito kumene timasindikizitsa magazini ino. Chibwenzicho chinatha mwana asanabadwe, koma mwana satha. Ndimamuona kamodzi pamwezi, Loweruka, kunyumba nditanama kuti tili ndi msonkhano wa olemba. Ndinapempha mayi ake kuti azimuuza kuti ndine amalume. Tsiku limene mwanayo anabadwa, ine ndinachita mantha kupita kuchipatala, ndinatuma achemwali. Atabwerako anangondigwira dzanja, n'kupinda kachala kanga kopindika kale, nati, "Usavutike n'kukana. Wasaina ndi manja onse awiri."

Kuyambira pamenepo chaka chilichonse ankandiuza kuti ndiwauze alamu awo. Chaka chilichonse ndinkati ndikudikira nthawi yabwino.

Achemwali anawerenga tsamba loyamba ataimirira padzuwa. Atafika pakati anakhala pansi pakhonde, choko chili m'manja.

"Ine sindinalembe izi," anatero motsitsa mawu. "Ine ndimaphunzitsa masamu, iwe. Ndingalembe chiganizo chotere? Ndipo ndikafuna kukunyoza ndimabwera kwanu, sindigula sitampa."

"Nanga ndani?"

"Mutu uwu ndi wako?"

Ndinayang'ana pansi.

"Mayi athu akanakhala moyo akanakulavulira," anatero. "Imbira mayi a mwanayo. Pompano, ndili pano."

Ndinaimba. Anayankha ali kuntchito, makina akulira kumbuyo. Ndinafunsa ngati analembapo nkhani n'kutumiza kwathu. Anaseka.

"Ine nthawi yolemba nkhani ndiitenga kuti? Koma ngati mukunena za telala, inde, ndinapita naye mwana kwa akazi anu."

"Liti?"

"Zaka ziwiri zapitazo, poyamba sukulu. Ndinkangofuna kuona nkhope ya munthu amene mumamuopa chonchi. Ndinalakwa, ndikudziwa. Koma yunifolomu zonse kuyambira pamenepo amasoka ndi iwowo. Mwana amawakonda, amawatcha azakhali a mabatani."

"Bwanji simunandiuze?"

"Anandipempha kuti ndisakuuzeni. Anati mudzanena nokha. Inu si amene munatiphunzitsa tonsefe kusunga zinsinsi?"

6

Ndinafika kushopu dzuwa litapendeka. Munalibe kasitomala. Mkazi wanga anali pamakina, mapini atatu ali pakamwa, akusoka siketi yabuluu. Atandiona anachotsa mapiniwo mmodzimmodzi, n'kuwabaya pakapilo ka padzanja.

"Mwabwera masana, bambo. Kwagwanji?"

"Munalemba ndinu."

Sanadzidzimuke. Anatsegula dirowa, anatulutsa buku lawo la miyezo, lija lachikuto chakuda lodzaza manambala a m'chiuno ndi m'mapewa a anthu. Analitembenuza, n'kulitsegulira chakumbuyo. Masamba ndi masamba a zilembo zazikulu zopendama, za pensulo, zofufutafufuta. Pamwamba pa tsamba loyamba panali mitu isanu ndi umodzi yokhwatchidwa, ndipo wachisanu ndi chiwiri unali wotsekedwa mzere kunsi.

"Chaka ndi miyezi inayi," anatero. "Ndikamadikira makasitomala ndinkalemba mzere umodzi, mwina iwiri. Anatayipa ndi mayi a fotokope apawa. Masipelo anandikonzera ndi iwo, koma mawu ndi anga."

"Koma inu... magazini mumadula mapatani."

"Ndimadula ndikamaliza kuwerenga. Zaka khumi ndi zinayi, palibe imene ndinadumpha. Munandifunsapo?"

Ndinakhala pa benchi ya makasitomala.

"Zimene mumauza olemba anu ndinazimva," anapitiriza. "Mumazinena pabalaza alendo akabwera, ine ndikuthira tiyi. Mutu uloze pamene munthu akulimbana yekha. Ndinasakasaka miyezi iwiri. Tsiku lina ndikutembenuza kadiresi ka mwana uja kuti ndisite, ndinaona msoko umene ndinaphimba. Ndinati, ine ndine ameneyu. Kunja mkazi wa mkonzi, womwetulira. M'kati ulusi wokhawokha, wina ukukoka uku, wina uku. Ndinakondwa tsiku limenelo, bambo. Ndinati, mwamuna wanga akaona mutu umenewu andinyadira asanadziwe n'komwe kuti ndine."

"Ndinkaganiza kuti alemba ndi achemwali."

"Ndikudziwa. Aliyense akanatha kulemba, kupatula ine." Anamwetulira pang'ono, kumwetulira kumene sindikufunira mdani wanga. "Komabe amene munamutcha wansanje si alamu. Telala wosabereka wa m'nkhanimo munamudziwa kuti ndi ndani."

Pamenepo ndinalibe pothawira. Zinali zoona. Kaya analemba ndani, nkhope imene ndinauza wojambula kuti aifiiritse maso inali ya mkazi wanga.

"Bwanji simunangondifunsa kunyumba?" ndinatero.

"Kunyumba simumva. Ndikayamba kulankhula mumayang'ana foni. Koma papepala mumamva aliyense, ngakhale mkaidi, ngakhale hule, mumawamvetsa mpaka kuwapezera mutu. Ndinati nanenso ndilowe pamzere womwewo."

Anatsegula tsamba lomaliza la bukulo, koma sanayang'anemo. Ndime imene ndinadula ija anainena pamtima, maso ali pa ine:

"Anaika sizasi pansi, chifukwa panali kaulusi kamodzi kokha kofunika kudula, ndipo anakadula. Anasita diresilo n'kulipachika. Madzulo anaika mbale zitatu patebulo, anachotsa imodzi, anaibwezeranso. Sankafuna kuti mwamuna wake agwade. Ankangofuna kuti tsiku lina alowe pakhomo atagwira mwanayo padzanja, anene yekha ndi pakamwa pake kuti, uyu ndi wanga. Zotsalazo akanasoka."

Panja kondakitala ankaitanira anthu.

Ndime imeneyo ndinaiwerenga katatu ku ofesi, ndipo katatu konse ndinaona msampha. Linali khomo lotsegula, ine ndinalimenyetsa ndi mwendo.

"Mukanaitaya m'bini, ndikanati mwamuna wanga wachita mantha," anatero. "Mantha ndikanakhululuka, ndakhala nawo m'nyumba zaka ziwiri. Koma inu munaiwerenga, munaimvetsa, n'kukhala pansi kusankha mawu oti anthu andigende nawo. Mukudziwa kuti Lachinayi amayi atatu anakhala pabenchi pomwe mwakhalapo, akuwerengerana mokweza? Wina anati, 'Atelala, anzanu awa, si inu eti?' Onse anaseka. Inenso ndinaseka, ndili ndi mapini pakamwa, ndikumuyeza m'chiuno."

Ndinagwada pansi pomwepo, pakati pa tizidutswa ta nsalu.

"Dzukani," anatero. "Ndanena kale kuti zogwada sindifuna. Mudetsa buluku, ndipo wochapa kulibe. Ine ndikupita kwa akulu anga lero."

7

Anapitadi tsiku lomwelo, ndi sutikesi imodzi ndi buku lakuda lija. Sanakuwe, sanaitane anthu. Makiyi anasiya pansi pa mphika wa maluwa monga mwa masiku onse.

M'mawa mwake ndinauza Mayi Inki zonse. Anamvetsera osandidula. Nditamaliza anati, "Ntchito sindikuchotsani, chifukwa kukuchotsani n'kukuthandizani kubisala. Koma mitu simudzalembanso. Muzikonza masipelo ndi kuyankha makalata." Mwezi wotsatira nkhani ija inatulukanso yonse, ndi mutu wake weniweni, ndi chithunzi choyamba chija cha manja opinda nsalu. Wojambula anali atachisunga m'dirowa. Mphoto anakapereka okha Mayi Inki kushopu, ndipo ndinamva kuti anakhalako maola atatu.

Panapita milungu isanu ndi umodzi ndisanalimbe mtima. Loweruka lina m'mawa ndinapita kwa mayi a mwana, ndinapempha kuti ndimutenge. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anamuveka nsapato.

Tinayenda wapansi kuchokera pasiteji, dzanja lake lili m'dzanja langa. Titafika pakhomo la shopu anandisiya n'kuthamangira m'kati.

"Azakhali! Ndabwera ndi amalume!"

Mkazi wanga anaimitsa makina. Anayang'ana mwana, anayang'ana ine. Sanandithandize ngakhale ndi diso.

Munthu amene ndadyera mawu zaka zonsezi, ndinasowa atatu okha. Ndinagwada kuti ndilingane ndi mwanayo, ndinatambasula dzanja langa pafupi ndi lake.

"Taona zala zathu," ndinatero. "Ine si amalume ako. Ndine bambo ako." Ndiyeno ndinayang'ana mkazi wanga. "Uyu ndi wanga."

Mwana anayang'ana zalazo mofatsa, ngati akuwerengera. "Nanga bwanji amayi amati ndinu amalume?"

"Ndinawapempha ndine kuti aziti choncho. Ndinkanama."

"Kunama n'koipa," anatero. "Aphunzitsi amaimitsa pakona."

"Akunena zoona aphunzitsi," anatero mkazi wanga. Anatenga chitini cha mabatani n'kumupatsa. "Bwera, mama, undisankhire ofiira asanu. Bambo ako aime kaye pakona pomwepo."

Ndinaimadi, pafupifupi ola lathunthu, iwo awiri akusankha mabatani.

Owerenga okondedwa, makamaka inu amene munalemba makalata aja: ndili nawo onse, chifukwa kuyankha makalata ndiyo ntchito yanga tsopano. Ena mwa inu nkhani itatulukanso munalemba kupepesa, mukuti munaweruza msanga. Musadziimbe mlandu kwambiri. Munawerenga ndi magalasi amene ndinakuvekani ine. Mizere inali yomweyo, mzimayi yemweyo, misozi yomweyo. Ndinangosintha mawu a pamwamba n'kubisa a pansi, inu n'kutola miyala.

Koma dzifunseni ngati m'nyumba mwanu mulibe munthu amene munamupatsa mutu kalekale n'kusiya kumuwerenga. Wansanje. Waulesi. Wosaphunzira. Wovuta. Mitu yotere imakoma chifukwa ndi yaifupi, ndipo kawirikawiri amene amaipereka ndi amene ali ndi chobisa. Ine wanga ndinamutcha wa tepi ndi singano, ndipo kwa zaka khumi ndi zisanu ndinkagona pafupi ndi wolemba wondiposa.

Mkazi wanga sanabwererebe. Mwana amapita kushopu Loweruka lililonse, ndimamuperekeza ndine, ndipo masiku ena ndimaloledwa kukhala pabenchi. Nkhani mukuwerengayi ndinawaonetsa ndisanaipereke kwa Mayi Inki. Anaiwerenga yonse, anakonza malo awiri pamene ndinadzikometsera, n'kundibwezera.

Ndinafunsa ngati adzabwerere kunyumba.

"Sindikudziwa," anatero. "Ndili pakati pa nkhani ina. Ndikaimaliza ndidzadziwa."

"Ikukamba za chiyani? Mutu wake ndi wotani?"

Anaika nsalu pansi pa singano, phazi pachopondera.

"Mudzagule pasiteji, bambo, ngati wina aliyense."